Tayala langa lachita dazi

Tayala lakumbuyo la Lifo yanga latha mano onse. Chubu nacho zigamba zachuluka, moti womata pa Lirangwe akandiona amaimirira n'kuvula chipewa. Ana ake sukulu akuphunzira ndi ndalama zanga.

Alamu anga, amene anakhalako ku Joni, akuti tayala sagula chigulegule. Akuti azungu aja amadutsa pa M1 ndi BMW zonenepa, mabokosi uku ndi uku, kuchokera ku Cape Town kulowera ku Cairo, amayamba awerengera kaye: phula ndiyenda lochuluka bwanji, nanga fumbi? Akatero ndiye amasankha tayala la 80/20 kapena la 50/50, kutanthauza gawo la phula ndi gawo la fumbi. La mano akuluakulu limaluma matope, koma pa phula limalira, limanjenjemeretsa matako, limathanso msanga. Losalala limakhalitsa pa phula, koma likangoponda dothi lonyowa limakugoneka chammbali anthu akuona.

Nanenso ndinakhala pansi n'kuwerengera. Kuchoka ku Chileka, kudzera pa Kameza ndi pa Lunzu mpaka pa Lirangwe, ndi phula. Ndikakhotera msewu wa ku Chingale, umene andale akhala akuulonjeza phula kampeni iliyonse, nkhani imasintha: chilimwe fumbi, dzinja phala. Zimene azunguwo amalipirira madola kuti adzazilawe, ine ndimazidya ulele, nditabereka apongozi, thumba la chimanga ndi mbuzi yolira.

Choncho ndine munthu wa 50/50. Vuto ndi thumba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa tayala ndimaumva nditagwira khoma.

Pa msika wa Lunzu ndinafika mwaukatswiri. Ndinatchula saizi, 3.00-18, ndinatosa mano ndi chala, ndinafunanso manambala anayi a m'mbali aja osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. La kaunjika lina linali ndi 2316. Lakalamba, mphira wake wauma, koma mnyamata wogulitsa anati, "Limeneli ndi lodziwa njira, bwana."

"Ndikufuna 50/50," ndinatero, mawu nditawakulitsa.

Anandiyang'ana nsapato, kenako njinga, kenako nsapato.

"Ilipo, achimwene. Theka lero, theka pakutha pa mwezi. Musiye foni."

Madzulo alamu atafunsa kuti ndasankha liti, ndinawayankha zoona zokhazokha: 50/50. Anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti andiimbira mawa tikambirane za lakutsogolo.