Chitamando cha Kachigamba Kopanda Msoko

Alakatuli atamanda mafumu, alaliki atamanda oyera mtima, ngakhale galu wosaka wapezapo womuimbira nyimbo. Koma kachithunzi kaja kamene kamayalidwa kumbuyo kwa mawu pa masamba a intaneti, nikabwerezedwa cha kumanja ndi cha kumunsi kufikira kadzaze sikirini yonse, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakaomberapo m'manja. Tsono popeza akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ine ndati ndikaimirire pabwalo.

Choyamba, si kamwana kotola panjira ayi. Makolo ake ali pa makoma a nyumba yachifumu ya Alhambra ku Granada, kumene wojambula zithunzi M. C. Escher anapita mu 1922 nabwererakonso mu 1936 kukaphunzira mayalidwe ake. Ndipo mu 1891 Evgraf Fedorov wa ku Russia anatsimikiza kuti mitundu ya kayalidwe kobwerezabwereza pamalo athyathyathya ilipo 17 basi. Mdzukulu wa banja lomveka chotere ndiye analowa pa intaneti mu 1995, pamene pulogalamu yoonera masamba ya Netscape inalola eni masamba kuyala chithunzi kumbuyo kwa zolemba zawo.

Anali masiku a njala, pamene modemu ya 28.8 inkakoka makilobaiti atatu okha pa sekondi, ndipo munthu woyembekeza chithunzi chachikulu ankatha kuteleka madzi, kuwiritsa, ndi kumwa tiyi chisanaoneke chonse. Pamenepo kachigamba kathu kanaonetsa ukoma wake: kankatumizidwa kamodzi kokha, nikabalana, nikachulukana, nikadzaza tsamba lonse popanda kupemphanso kanthu, monga momwe duwa limodzi limabwerezedwera pa mpukutu wonse wa chitenje. Ndani mwa atumiki a anthu anadyapo pang'ono chotere nagwira ntchito yaikulu chotere?

Kudzichepetsa kwake ndiye kosaneneka, pakuti ulemerero wake wonse uli pa kusaoneka kwa malire ake. M'mphepete mwa kumanja muyenera kukumana ndi mwa kumanzere, mwa kumwamba ndi mwa kumunsi. Nchifukwa chake mmisiri wa Photoshop amasuntha chithunzicho ndi theka, kuti misoko ibwere pakati nipange mtanda, ndipo amaufufuta mtandawo moleza mtima mpaka usadziwikenso. Koma akangosiya kabanga kamodzi kakuda, ha! kachigamba, pokhala kolungama ndi kosakondera, kamagawira banga lomwelo ngodya zonse mofanana, mizere ndi mizere, kuti wowerenga wa pamwamba asapose wa pansi.

Adani ake amati kanapha maso a anthu. Amatchula GeoCities, kumene munthu aliyense pa tsamba lake ankayala nsangalabwi, njerwa, moto kapena nyenyezi, nalembapo mawu ofiira amene ngakhale mwini wake sankatha kuwawerenga. Ine ndikuti chimenechi chinali chifundo. Pakuti ambiri mwa mawuwo sanali oyenera kuwerengedwa, ndipo kachigamba kanaphimba umaliseche wa olemba ochuluka amene lero ndi madoda olemekezeka. Walira mvula walira matope: anafuna zokongoletsa, anazilandira muyeso wosefukira.

Dziko silithokoza. Yahoo inatseka GeoCities mu 2009, ndipo mu 2013 Apple inachotsa pa iOS 7 maonekedwe a nsalu amene ankayalidwa kumbuyo, onse nayamba kupembedza kuyera kopanda kanthu. Koma kopirikitsidwako sikanafe. Kanathawira m'masewera a pakompyuta, kumene udzu, makoma ndi dothi la Minecraft zimamangidwa ndi tizigamba ta timadontho 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, ndipo ana a iwo amene anakanyoza amagonera pamenepo usiku wonse.

Tsono inu amisiri a lero, amene masamba anu angoti mbee, kabwezereni mwaulemu pamalo pake. Owerenga akadandaula, auzeni akagule magalasi.