Thukuta lanji limachotsa nkhawa?

Masiku ano langizo ndi limodzi kulikonse. Pawailesi akunena, kuchipatala akunena, pafoni nawonso akunena: maganizo akakuchulukira, kachite masewera olimbitsa thupi. Thamanga, yenda ndawala, tuluka thukuta, mtima ukhala pansi. Ine sindikukana, pakuti onenawo ndi anthu amene anapita kusukulu. Chondizunguza mutu n'chakuti kuno kwathu thukuta silisowa. Taganizani za mayi amene wadzuka tambala woyamba, watunga madzi kumjigo, wakalima mizere mpaka dzuwa lafika paliwombo, pobwerera n'kusenza mtolo wa nkhuni. Ndani wa kujimu angamupose mayi ameneyu kutuluka thukuta? Nanga bwanji usiku ndi yemweyu amene akungotembenuka pamphasa, tulo osabwera, mutu uli pa fizi ya mwana ndi mtengo wa feteleza? Kodi thukuta lake lalakwa chiyani?

Mwina vuto ndi muyeso. Mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo linatchula kuti kutero kumachepetsa nkhawa ndi kuvutika maganizo. Mphindi 150 ndi maola awiri ndi theka basi. Mnyamata wa kabaza amamaliza muyeso wa sabata yonse Lolemba lomwelo, nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018, woyerekeza maiko 168, anapeza kuti ku Uganda ndi ku Mozambique akuluakulu osakwanitsa muyeso wa WHO anali pafupifupi 6 okha pa 100 alionse, pamene ku Kuwait anali 67. Ndiye titi abale athu a ku Angonia ndi ku Tete nkhawa saidziwa? Inu munawafunsapo?

Kapena yankho lili m'kati mwa thupi, m'mene ife sitiona. Akatswiri amati munthu akapanikizika, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima n'kumagunda msanga, minofu n'kukungika, kukonzekera kuthawa kapena kulimbana. Akathamanga, akuti, mphamvu zonsezo zimapeza kopita. Apo ndamva. Kwa zaka zambiri anatiuzanso kuti chimwemwe chimene wothamanga amamva chimachokera ku timadzi tina totchedwa endorphin, timene tinadziwika m'zaka za m'ma 1970. Koma mu 2015 ofufuza a ku Germany anapatsa mbewa timawilo tothamangapo, n'kutseka njira ya endorphin ndi mankhwala. Mbewazo zinadekhabe zitathamanga. Atatseka njira ya timadzi tinanso, totchedwa endocannabinoid, kudekha kuja kunasowa. Timadzi timeneti timagwira malo omwewo a mu ubongo amene chamba chimagwira. Zoona thupi la aliyense wa ife limadzipangira lokha zoterezi? Nanga aja anatiphunzitsa za endorphin motsimikiza aja, anabweranso kudzatiuza kuti nkhani yasintha? Ndiponso nkhawa ya mbewa amaiyesa poona ngati ikulimba mtima kuchoka mumdima kupita powala. Kodi nkhawa imeneyo ikufanana ndi ya bambo amene wakatapila akumudikira kumapeto kwa mwezi?

Tisiye mbewa, tione anthu. Mu 1999, ku yunivesite ya Duke ku America, James Blumenthal ndi anzake anatenga anthu 156 a zaka 50 kupita m'tsogolo, onse odwala matenda ovutika maganizo, n'kuwagawa patatu. Ena anawapatsa mankhwala otchedwa sertraline. Ena ankayenda ndawala kapena kuthamanga kwa mphindi 30, katatu pa sabata. Ena anachita zonse ziwiri. Patatha miyezi inayi, magulu onse atatu anali atapezako bwino mosasiyana kwenikweni. Nkhaniyi ndi yolimbitsa mtima, ndipo ine ndinakondwa nayo. Koma othamanga aja sankathamanga aliyense kwayekha. Ankakumana pagulu, pali wowayang'anira. Ndiye chinawadzutsa n'chiyani, miyendo yawo kapena anzawo? Munthu wachikulire wokhala yekha, kungodziwa kuti mawa kuli anthu amene akumudikira, si thandizo kale limenelo?

Mu 2018 ofufuza ena anaunika mayankho a anthu oposa 1.2 miliyoni a ku America komweko. Ochita masewera ankati masiku awo olemera m'maganizo ndi ocheperapo, pafupifupi tsiku limodzi ndi theka pa mwezi poyerekeza ndi osachita. Opindula kwambiri anali osewera m'matimu, ndipo muyeso wooneka wabwino unali mphindi 45, katatu mpaka kasanu pa sabata. Pamene ndinaima ndi apa: opitirira maola atatu pa tsiku, maganizo awo anali ovuta kuposa a anthu amene sachita kalikonse. Maola atatu! Nthawi yopalira ndi kubandira, maola atatu ndi poyambira chabe. Ndiye kuti mankhwalawa ife tikumwa mopyola muyeso? Komanso anthu aja anangofunsidwa mafunso, sanagawidwe m'magulu monga aja a ku Duke. Kodi akusangalala chifukwa amathamanga, kapena amathamanga chifukwa ndi osangalala kale, nsapato ali nazo, nthawi ali nayo, chakudya chikuwadikira kunyumba?

Zikuoneka kuti funsoli akatswiri nawonso linawapeza. Mu 2017 gulu lina la ku Australia linasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kusiyanitsa thukuta la pamasewera ndi thukuta la pantchito. La pamasewera linkayendera limodzi ndi maganizo abwino. La pantchito linkayendera limodzi ndi kuvutika maganizo. La ntchito zapakhomo silinaonetse mbali. Ku Denmark nako, mu 2021, ataunika anthu oposa 100,000, anapeza kuti ochita masewera matenda a mtima amawapeza mocheperapo, pamene ogwira ntchito yakalavulagaga chiopsezo chawo n'chokwera. Zifukwa zimene amapereka n'zakuti ntchito imatenga tsiku lonse, mtima ukugunda mothamanga popanda kupumira, mawa yomweyonso, ndipo wogwirayo sasankha nthawi yolekera. Komatu miyendo yopalasa njinga ya kabaza ndi yomweyo yopalasa njinga ya kujimu. Thupi limadziwa bwanji kuti uyu ndi ganyu, awa ndi masewera? Ndipo ngati zimenezi zinadziwika kale, bwanji langizo la pawailesi silisiyanitsa? Kodi akulankhula ndi ndani kwenikweni, wa muofesi kapena tonsefe?

Mbewa zibwerenso pang'ono. Mu 2014 ofufuza a ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anafotokoza zimene anaona ataika timawilo tija kutchire pamodzi ndi nyambo n'kutchera makamera. Mbewa zakutchire zinkabwera zokha, kukwera, kuthamanga, kutsika, n'kukweranso. Achule nawo anapezekapo. Atachotsa nyambo, zina zinkabwerabe kudzathamanga. Palibe amene anazituma. Ana athu nawo ndi otero. Aweruka kusukulu, ayenda mtunda wautali, koma akangofika aponya mabuku pakhonde, anyamata kumpira wachikulunga, atsikana kufulaye ndi jingo, mpaka mdima. Chilakolako chimenechi chimathera pati munthu akamakula? Ambirife kusukulu tinazungulirapo bwalo chothamanga ngati chibalo, tikachedwa kapena tikalongolola m'kalasi. Chinthu chimene mwana anachidziwa ngati chilango, atakula adzakhulupirira bwanji kuti ndi mankhwala?

Chondidabwitsa koposa ndi gule. Amayi amene tsiku lonse anali kumunda, ng'oma ikalira madzulo amamanga nsalu m'chiuno n'kulowa m'bwalo la chimtali, kutopa konse n'kuiwalika. Ovina beni ku Mangochi, malipenga ku Nkhata Bay, tchopa ku Phalombe, ingoma ku Mzimba, amavina mpaka zovala kunyowa, pobwerera akuseka njira yonse. Mphamvu zimenezo zinabisala kuti masana onse? Mu 2024 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wophatikiza mayeso 218 a anthu ovutika maganizo. Kuyenda, kuthamanga, yoga ndi kunyamula zitsulo zinathandiza, ndipo kuvina kunaoneka kothandiza kwambiri, ngakhale kuti mayeso a kuvinawo anali ochepa. Kumpoto kwa Malawi, Atumbuka akhala akuvina vimbuza kuyambira kale pofuna kuchiza anthu, makamaka amayi, ovutika mumtima ndi m'maganizo. Wodwala amavina pakati, anthu amuzungulira, akuimba ndi kuomba m'manja. Bungwe la UNESCO linazindikira gule ameneyu mu 2005. Sindikuti ng'oma ilowe m'malo mwa chipatala. Ndikungofunsa. Pamene wodwala akuvina, mudzi wonse uli naye, popanda womuseka, chikumuthandiza n'chiti? Mizimu, miyendo, kapena anthuwo? Ndipo makolo anaidziwa bwanji nkhani imeneyi osapima magazi a munthu?

Tsono ife a m'tauni tikavinire kuti, tikathamangire kuti? Malo ambiri amene ana ankasewerapo mpira anasanduka mapuloti. Misewu yambiri ilibe poyenda apansi. Mbandakucha munthu amaopa achifwamba, madzulo amaopa galimoto. Kujimu kumafuna ndalama ya pamwezi, pamene nkhawa ya ambiri ndi ndalama yomweyo. Mayi wapabanja akavala nsapato n'kuyamba kuthamanga mumsewu wa kwawo, anthu amatulukira pakhonde kudzamuona. Thupi likatsikako pang'ono, manong'onong'o ayamba: akudwala, kapena banja silikuyenda bwino. Ma Queens akamasewera ntchemberembaye kunja timawanyadira, dzina la Mwai Kumwenda aliyense amalidziwa. Nanga mtsikana wa pakhomo pathu bwanji timamuletsa mpira akangotha msinkhu, ati wakula? Kodi mkazi akakula nkhawa imamusiya?

Nanga wa njala? Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ili mbee, munthu akudya kamodzi pa tsiku, athamange ndi mphamvu iti? Muyeso wa mphindi 150 uja anauika poganizira mimba yokhuta kapena mimba iliyonse?

Pali funso lina lolemera kuposa onsewa. Kuvutika maganizo kukafika povuta, munthu amalephera ngakhale kudzuka pamphasa kukasamba. Chakudya sichikoma, anzake sawafuna, chilichonse amadziimba nacho mlandu. Tikamuuza munthu wotere kuti kathamange, iye n'kulephera, kodi sitikumuonjezera mlandu wina? Amene wayamba kuganiza zodzipha akufunika kufika kuchipatala msanga, ndipo thandizo limapezeka m'zipatala za maboma, ku Zomba Mental Hospital, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mumzinda wa Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ochulukidwa maganizo, kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzi limodzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti okhala pabenchi aja anapeza bwino kuposa amene analandira thandizo la masiku onse. Apa thukuta palibe ngakhale dontho, anthu angokhala pansi. Kuthamanga pagulu kukuthandiza, kuvina m'bwalo kukuthandiza, kukhala pabenchi ndi agogo kukuthandizanso. Chopezeka ponseponse pamenepa n'chiyani? Bwanji chimenecho sitichimva kawirikawiri pawailesi?

Ine ndikuvomera kuti kutakasa thupi kumathandiza, ndipo amene amakhala pampando wa muofesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo asachedwe, aitane mnzake ayambe kuyenda lero. Koma ambirife si a muofesi. Choncho inu amene mupite kusikelo kapena kuchipatala sabata ino, alangizi a zaumoyo akakuuzani kuti muzichita masewera olimbitsa thupi, musangoti chabwino n'kutuluka. Afunseni mwaulemu kuti: achikulire, ine ndachokera kumunda, masewera ake ndi ati? Ndichite ndi ndani, kuti, nthawi yanji? Kapena chimene ndikusowa ine ndi kupuma? Akakuyankhani, mudzatiuzeko nafenso.