Walira Mvula Walira Matope, Nanga Akuwaponda Ndani?

Chaka china fodya atagulidwa bwino ku okushoni, malume anga anabwerako ndi malata makumi atatu komanso kayendedwe katsopano. Anati nyumba ya udzu ndi ya makolo, iwo alowa chitukuko. Njerwa anaumba, koma uvuni sumva Chichewa, umamva nkhuni. Inapita mibawa iwiri. Usiku wachitatu moto utayamba kufooka, mango a pabwalo nawo anapereka msonkho. Nyumba inaima, yowala ngati ya aphunzitsi aakulu. Mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo, ndipo poti panalibenso mtengo wotchinga, denga lonse linanyamuka n'kukatera pa khola la aneba, mbuzi imodzi n'kufera pomwepo. Agogo anafwenkha fodya wawo wa m'mphuno n'kungoti: "Walira mvula, walira matope."

Akale ankadziwa kuti chabwino chilichonse chimabwera ndi mlamu wake. Lero dziko lililonse likulira mvula ya chuma: mafakitale, misewu ya tala, magetsi, galimoto pakhomo. Ifenso kulira kwathu tinakulemba m'masomphenya a Malawi 2063, ndipo sitinalakwe, umphawi si mwambo woti tiziusungira adzukulu. Matope a mvula imeneyi ndi utsi wa malasha, petulo ndi dizilo, umene ukaunjikana kumwambako umafunditsa dziko bulangete m'mwezi wa Okutobala.

Koma pali kachinyengo kamene agogo sanakaone. M'masiku awo wolira mvula ndi woponda matope anali munthu mmodzi. Masiku ano ntchitoyo anagawana. Britain inayamba kusonkhezera mafakitale ndi malasha zaka zoposa 200 zapitazo, America ndi Germany n'kutsatira, China n'kudzawapitirira onse. Africa yense, ndi anthu ake oposa biliyoni, utsi wake ndi pafupifupi magawo 4 okha pa 100 alionse a utsi wa dziko lonse lapansi. Chonsecho matope akanyamuka safunsa njira ya kwathu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kugona kwa chaka ndi miyezi. Mu Malichi 2023 Freddy anatsitsa matope enieni kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Apo nthabwala zimavula chipewa. Chaka chotsatira mvula inangoti zii, chimanga n'kupserera m'munda.

Eni utsiwo si anthu opanda ulemu. Chaka ndi chaka amakwera ndege zikuluzikulu kupita kukakambirana zochepetsa utsi. Ku Copenhagen mu 2009 analonjeza mayiko osauka madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Ndalamazo zinakwana mochedwa, zambiri zili ngongole. Tangoganizani: ng'ombe za mnansi zadya munda wanu wonse, iye n'kubwera ndi nkhope yachisoni, n'kukukongozani ndalama ya mbewu yoti mudzabweze ndi chiwongoladzanja. Ku Baku mu 2024 lonjezo linakula kufika 300 biliyoni pofika 2035. Malonjezo okha ndiwo mbewu imene sikuopa chilala.

Komatu ndisatalikitse chala, ndingadziiwale. Ndikulemba izi kuseri kwa chitseko changa kuli thumba la makala, la mutu wosongoka ngati chipewa cha bishopu, limene ndinatsitsa mtengo mwaukatswiri pa Zalewa. Magetsi akazima ndimakoleza mbaula. Mbaula ikamadya, mapiri a m'mbali mwa Shire amameta mpala. Mvula ikagwa dothi limakokolokera mumtsinje n'kukatsamwitsa makina a ku Nkula ndi Tedzani, magetsi n'kuzimanso, ine n'kukagulanso thumba lina. Gule wake ndi chimtali, timavina mozungulira. Ndimadya nsima yanga m'tauni, matope akupondedwa ndi mayi wa ku Nsanje amene sanalaweko ndiwo zanga. Kwa iyeyo, Britain ndine.

Ena anzeru amati mankhwala ake n'kusiya kulira mvula, chuma chisakulenso. Mawu otere amakoma ukamawalankhula furiji ikulira m'khitchini. Mwambiwu sunaletse munthu kulira mvula, unangomukumbutsa kuti akonzeretu ngalande. Ndipo ngalandezo zikukumbika. Britain yemweyo anatseka siteshoni yake yomaliza ya magetsi a malasha mu Seputembala 2024, ndipo utsi wa m'dziko mwake watsika ndi pafupifupi theka kuyambira 1990 chuma chikukulabe, ngakhale zina mwa zinyalalazo anangozisesera kubwalo la China, kumene katundu wambiri amapangidwira tsopano. Kuno kwathu, ku Salima kuli munda wa masola wa mamegawati 60 umene unayamba ntchito mu 2021, ndipo wa ku Golomoti uli ndi mabatire osungira dzuwa la masana kuti lidzagwire ntchito madzulo. Dzuwa lomwe lija limatipserezera chimanga talilemba ganyu. Kumudzi nako kasola kamakhala chagada pa denga la udzu, kakutchaja mafoni a mudzi wonse, mwini wake akutolera ndalama ali pamthunzi.

Za malume zinathera kwa amfumu. Iwo anadandaula kuti mphepo si yawo. Amfumu anafunsa mafunso awiri okha: malatawo ndi a yani, nanga mitengo anadula ndani? Malume analipira mbuzi, n'kulamulidwa kudzala mitengo kumbali kochokera mphepo asanakhomenso denga. Nyumba ilipo mpaka pano, mango akubereka, ndipo aneba amatola nawo.

Mlanduwo unatha dzuwa lisanafike paliwombo. Wofanana nawo mayiko anautsegula ku Berlin mu 1995, ndipo mpaka lero mwini malata akufunsabe ngati mbuziyo inali yonenepa.