Galimoto Inapita, Dzina Linatsala

Loweruka lina ndinagulitsa galimoto yanga. Wogulayo anamenya matayala ndi phazi, anamvetsera injini ngati dokotala, n'kuwerengera ndalama pa boneti. Pasanathe mphindi 20, galimoto inali itakhota kale pakona.

Ine ndinkayesa zathera pomwepo, monga timachitira ndi mbuzi: ukapereka chingwe, wasamba m'manja. Ndikanadziwa bwanji kuti galimoto ili ndi mzimu wake wokhala mu blue book? Kuti mzimuwo usamuke pamafunika kalata ya mgwirizano, ziphaso za tonse awiri, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, ndiponso tsiku loima pamzere. Mkulu uja anangoti, "Achimwene, dzina tidzasintha mwezi ukatha." Mwezi wake sanautchule.

Pano ndikumva kuti galimotoyo yadutsa m'manja mwa anthu atatu ndipo ikunyamula makala. Papepala mwini wake ndidakali ine, bwana wolemekezeka woyenda pa kabaza.

Sindikudandaula ayi. Ndapeza kale galimoto ina yabwino, ya malemu ena ake. Tagwirizana ndi wogulitsayo kuti dzina tidzasintha mwezi ukatha.