Pepani Sapoletsa Chilonda, Ngakhale wa pa WhatsApp

Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Ananena zimenezi pepani akadali wodula, munthu akuyenda wapansi dzuwa la ku Ngabu lili paliwombo, nkhuku ili m'khwapa, kukagwira mwendo wa amene wamulakwira. Lero pepani watsika mtengo kuposa thonje. Timangotumiza kachithunzi ka manja awiri ogundana pa WhatsApp, timizere tija tikasintha mtundu, basi mlandu watha.

Akhristufe ndiye tapeza pothawira pabwino. Tiyerekeze kuti ng'ombe za bambo wina, mkulu wa mpingo, zalowa m'dimba la mayi wamasiye m'mphepete mwa Shire. Chimanga chomwe anabzala madzi ataphwa, chitayamba kumasula ngayaye, chatsala ziputu ndi ndowe. Lamulungu bamboyo akuimirira kutsogolo, jekete ili pathupi ngakhale malata akuthetheka ndi kutentha, n'kuchitira umboni kuti ngongole zake zonse zinalipidwa pa Gologota. Mpingo ukuti ameni. Potuluka m'pamene mayi uja akuwapeza pansi pa mtengo wa nimu.

"Ameni, abambo," akutero. "Koma chimanga changa sichinali pa Gologota. Chinali kudimba."

Mayiyu sanapite kusukulu ya ubusa, koma wakhoza mayeso. Chikhristu chimaphunzitsa kuti Yesu anatiyanjanitsa ndi Mulungu mwa imfa yake, ndipo palibe mbuzi kapena kwacha imene tingawonjezerepo. Izo n'zoona. Koma Baibulo lomwelo silinanenepo kuti mtanda ndi lisiti yoonetsa kwa amene tili nawo ngongole. Pa Levitiko 6, wodyera mnzake masuku pamutu ankayenera kubweza chinthucho, kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu, n'kubweretsanso nkhosa yamphongo kwa wansembe. Pa Mateyu 5, Yesu akuuza wopereka mphatso kuti aisiye kaye paguwa, akayambe wagwirizana ndi m'bale wake. Ndiye pali Zakeyu wa pa Luka 19, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko. Ana athu a Sande sukulu amamudziwa chifukwa cha kufupika ndi kukwera mkuyu. Zoti analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera, ife akuluakulu timapitapo mothamanga.

Ndime imene timaikonda ndi Levitiko 16, pamene mkulu wa ansembe ankasenzetsa mbuzi machimo a mtundu wonse kamodzi pachaka n'kuipirikitsira kuchipululu. Mwambo umenewu kuno kuchigwa sukanatheka. Mbuzi yotayidwa m'mawa, pofika madzulo ingakhale ili pachiwaya pa Dyeratu, machimo a Aisraeli onse tikudyera tsabola. Chikhalirecho mbuzi zosenzetsa zolakwa sitisowa. Ndalama za banki m'khonde zikasowa, ndi Satana. Wakabaza akatikumbutsa za ulendo wa ku Nchalo womwe tinati tilipira mawa, ndi netiweki. Namondwe Freddy anadutsa mu Malichi 2023, koma mpaka lero akusenzabe ngongole zina zimene zinatengedwa iye atapita kale.

Makolo athu sankaseka nazo nkhani za kulipira mlandu. Kwa Mbona ku Khulubvi sankapitako chimanjamanja, ndipo pabwalo la nyakwawa wolakwa akati pepani, funso lotsatira linali lakuti mbuzi ili kuti. Ena amati zimenezo n'zachikunja, ife tili m'nthawi ya chisomo. Ine ndimaona kuti chisomo chimenechi chimakoma kwambiri kwa mwini ng'ombe kusiyana ndi mwini dimba. Mayi wamasiye uja kukhululuka akhululuka, poti ndi Mkhristu, koma ana ake sadya chikhululukiro ndi thelere.

Choncho inu amene mukuwerenga muli chinunu, nambala ya munthu uja muli nayo m'foni. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito ngakhale Lamulungu. Tumizani lero, ndipo musaiwale yochotsera.