Chinangwa cha pakati pa usiku

Maganizo anali anga, ndisanamizire munthu. Titaonera filimu ija ya Fifty Shades of Grey, yomwe inatuluka mu 2015, ndinauza mayi a kunyumba kuti nafenso tiyese zomangana manja kuchipinda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino bambo a Chisomo, koma oyamba kumangidwa ndinu." Ine kuvomera ndi mano onse pamtunda.

Pa zokambirana ndiye ndidziyamikire. Tinagwirizana zololedwa ndi zosaloledwa: pakhosi sipafika chingwe zivute zitani, mowa palibe wolawa usiku umenewo, ndipo pakhale mawu oimitsira zonse. Akatswiri a masewerawa amabwereka mitundu ya maloboti a pamsewu, yachikasu kutanthauza chepetsani, yofiira kutanthauza masulani msanga. Ife tinasankha "chinangwa", poti palibe angachitchule mwangozi pa nthawi yotereyi.

Pomwe ndinagwa mpa chomangira. Kugula chingwe chofewa cha thonje ndinati n'kuwononga ndalama, ndiye ndinatulutsa tayi yanga ya pa ukwati. Kani nsalu yoterera ukaikoka imapyapyala, mfundo n'kulimba mpaka chikhadabo kusowa polowa. Zoti pakati pa chomangira ndi khungu pazilowa zala ziwiri ndinaziwerenga ndithu, koma ndinati zimenezo n'za anthu amantha.

Manja onse awiri ali kuchitsulo cha bedi, tinangomva "Odi!" pakhomo. Apongozi, ochokera kumudzi, thumba la mtedza pamutu, osaimba n'foni yomwe. Mayi a Chisomo anadzambatuka, n'kumanga chitenje, n'kukawalandira. Lamulo loti womangidwa sasiyidwa yekha linathera pomwepo.

Malonje a apongozi anga sathamanga. Ndinamva za mtengo wa fetereza, za mbuzi yodwala, za maliro a kutsidya kwa dambo. Ine uku ndikupotokola manja, tayi ikulowerabe m'khungu. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinayamba kunyerenyetsa, kenako dzanzi. Zikatero ndiye kuti mtsempha wapanikizika, ndipo ukapanikizika nthawi yaitali dzanja limatha kulefuka kwa masabata, mwinanso miyezi. Ulemu wa ukamwini ndinauika pambali.

"Chinangwa!"

Pabalaza panati zii. Kenako mawu a apongozi: "Akufuna chinangwa usiku uno? Mukanandiuza bwenzi nditakumba."

Mayi a Chisomo analowa chothamanga, misozi ya phwete ili chuchuchu, koma ataona zala zanga kuseka kunatha. Mfundo inakana zala, inakana mano. Sizasi, imene imayenera kukhala kumutu kwa bedi musanayambe n'komwe, makamaka ija ya nsonga yobuntha imene anamwino amadulira bandeji, ife tinalibe; yokhayo ya m'nyumba inali m'chikwama cha sukulu cha Chisomo, amene tinamutumiza kukagona kwa azakhali ake. Lezala ndinaikana, pafupi ndi mitsempha ya magazi ayi. Mapeto ake anakabwereka kasizasi ka mayi awo ka m'chikwama cha singano, ati pali ulusi wofunika kudula.

Dzanzi litatha, ndinatuluka kukagwada chapatali n'kupereka moni, nditavala malaya a manja aatali ngakhale kunali kutentha kwa mu Okutobala. Apongozi anandiyang'ana mwachifundo.

Mwezi wotsatira kondakitala wa minibasi anatiimbira foni kuti tikalandire katundu kudepoti. Thumba lodzaza chinangwa, ndi uthenga woti akamwini asamachite kukuwa.