Ulemu kwa Agogo Oyilo Wakuda

Mwana wa mlongo wanga amasamalira maluwa pakhomo pa bwana wina ku Joni. Tsiku lina anandiimbira foni akudandaula kuti amubweza kusitolo chifukwa cha botolo la oyilo. Bwanayo ali ndi makina otchetchera kapinga ochita kukwera ngati kathirakitala, ndipo kabuku ka makinawo kakuti kukamatentha azimwa SAE 30. Mnyamata anagula 20W-50 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye ulemu waukulu. "Malume," anatero, "kunotu ngakhale udzu uli ndi oyilo wake."

Ndinaseka mpaka misozi. Kwathu kuno ku Phalombe makina otchetchera alipo mitundu iwiri, chikwakwa ndi mbuzi. Chikwakwa chimangofuna tupa ndi mgaiwa m'mimba mwa wochigwira, pomwe mbuzi imatchetcha n'kuthira manyowa nthawi yomweyo. Koma mainjini ndiye tili nawo: njinga zamoto za kabaza zodzaza pa Migowi ndi pa Chiringa, zigayo, mapampu othirira m'madimba. Onsewa amamwa oyilo, ndipo akamugwiritsa ntchito amatisiyira nkhalamba yomwe palibe anaiyamikirapo pagulu. Lero ndaimirira ine. Ulemu kwa inu, Agogo Oyilo Wakuda!

Choyamba ndikutamandeni chifukwa mulibe tsankho. Oyilo watsopano ndi wamatama. Amabwera ndi manambala pachifuwa ngati wapolisi: nambala ya kumapeto imanena kukhuthala kwake injini ikatentha, ya kutsogolo kwa W imanena mmene amayendera kukazizira. Wa njinga amanyoza wa galimoto. Akuti m'njinga yamoto oyilo mmodzi yemweyo, wokwana ngati lita imodzi yokha, amatumikira injini, magiya ndi klatchi, ndipo injiniyo imazizira ndi mphepo chabe. Ukathiramo wa galimoto, woterera mopyola muyeso, klatchi imayamba kuphonya, njinga n'kumalira pachitunda koma osakwera. N'chifukwa chake a ku Japan anaika chizindikiro cha JASO MA pa mabotolo oyenera njinga. Sukulu yonseyi ya chiyani? Inu agogo, m'chigubu cha makaniko mumalandira aliyense. Wochoka m'lole ya nandolo, wochoka m'chigayo, wochoka m'njinga ya Lifo yolowera ku Milanje, nonse mumagona pamodzi, khungu limodzi, fungo limodzi. Umodzi woterewu andale amangoulonjeza pa msonkhano.

Chachiwiri, simutaya amphawi. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, oyilo wa m'sitolo anakwera n'kukakhala pashelefu yapamwamba ngati mkamwini wolemera. Inu munatsala pansi ndi ife. Ndinakuonani ndi maso angawa m'mbali mwa msewu wopita ku Chitakale, mutasefedwa pa kansalu, mutasakanizidwa ndi watsopano pang'ono, mutavala botolo lomwe kale munali zakumwa zoziziritsa kukhosi. Wakabaza wina anaima, magolovesi ong'ambika, thumba la mpendadzuwa kumbuyo. Anadonthetsa kadontho pachala, n'kufikisa zala ziwiri, n'kuzitanyula pang'onopang'ono akuyang'ana kaulusi kakuda kakutamuka. Ananunkhiza ngati wogula fodya.

"Achimwene, ameneyu ngwabwinodi?"

"Aaa bwana, mukuonanso nokha kulemera kwake. Ameneyu ndi wamphamvu, watsopano amachita manyazi."

Malonda anatha pomwepo, popanda kabuku, popanda lisiti. Mnyamatayo anali ndi ndalama ya mwini njinga yoti akapereke madzulo, mafuta oti agule, ndi ndiwo zoti akasiye kunyumba. Kusankha oyilo ndi mwayi wa okhuta. Kwa iye fodya wake anali uyo wa pamphuno.

Chachitatu, mumalemba anthu ntchito kuposa boma. M'thupi mwanu mumanyamula tizitsulo tosaoneka, mwaye, fumbi la m'misewu yathu ndi timadzi pang'ono. Mukalowa m'injini mumayamba kupala mwaulemu, lero pisitoni, mawa maring'i. Pakatha miyezi ingapo njinga imayamba kutulutsa utsi wabuluu wothamangitsa udzudzu mudzi wonse kwaulere. Pulagi imada, mphamvu imathawa, kenako tsiku la msika, wodwala ali kumbuyo ulendo wa ku chipatala cha Holy Family, injini imalira kho-kho-kho n'kukhala chete. Yanoka. Pamenepo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amamwetulira, wogulitsa masipeya amatsegula chitseko, mwana wa makaniko amapeza fizi. Ndani wina anadyetsapo mabanja ochuluka chonchi pongopha injini imodzi?

Chachinayi, simudziwa kupuma pantchito. Akale anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo inu nyimbo mumazidziwa zambiri. Mmisiri amakupakani pa mitanda ya denga kuti chiswe chikafika chibwerere ndi njala. Nsichi za khola, chitseko cha bafa, mpini wa khasu, zonse zimavala inu. Mumatontholetsa tcheni cha njinga yakapalasa ndi gudumu la ngolo lolira ngati namfedwa. Loweruka anyamata amakuthirani pabwalo kujambula mizere ya mpira, ndipo mumagwira ntchito mokhulupirika kotero kuti udzu suphukanso pamenepo ngakhale mvula igwe bwanji. Bwana wa ku Joni akanakudziwani, akanagulitsa kathirakitala kake kalekale. Ena amakuthirani m'chimbudzi kuti ntchentche zisamuke. Ena anakupatsani udokotala, amakupakani pa galu wa mphere ndi pa bala la ng'ombe. A zaumoyo amati muli ndi poizoni, amati wokugwirani tsiku ndi tsiku khungu limasupuka ndipo angadwale khansa ya pakhungu, amati nyama ikakunyambitani imadwala m'mimba. Nsanje chabe, agogo. Iwowo anayamba atsekapo chiswe pakamwa?

Koma ukulu wanu weniweni ndi kukonda kwanu. Phalombe anakhala boma pa yekha mu 1998, ndipo kuyambira kale ana ake amachoka: ena ku Blantyre, ena ku Joni kukatola nambala za oyilo. Inu simuchoka. Makaniko akakukhuthulirani m'ngalande kuseri kwa shedi, mumalowa pansi n'kudikira. Napolo wa 1991 anatsika m'phiri la Michesi ndi mkokomo, namondwe Freddy mu 2023 anatisiyanso ndi misozi, koma inu mumayenda mwakachetechete, osadzutsa ngakhale galu. Mvula ikagwa mumakwera pamsana pa madzi mutavala mitundu ya utawaleza, kudutsa pafupi ndi zitsime, kupatsa moni madimba a kabichi, kulowa mumtsinje wa Phalombe. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lathu limathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowa m'menemo chimakhala momwemo. Nyanjayo ikaphwa, monga inachitira mu 1995, madzi amauluka ndi dzuwa, inu mumatsala m'matope kudikira mvula ina. Mbalame za m'mabango zimakudziwani. Milamba imagona nanu.

Tsono madzulo ena mayi a kunyumba akaphika matemba ogula pa msika, ine n'kusamba m'manja, n'kutema mbamu ya nsima, n'kusunsa, sindidzafunsa za SAE kapena JASO. Ndidzangoweramitsa mutu pa mbale n'kunena motsitsa mawu kuti ana asamve: "Mwafika, agogo? Mwayenda bwanji?"